Kupita ndi galu kugombe m'nyengo yotentha: madzi amaziziritsa, mpira umatenthetsa

Galu satuluka thukuta thupi lonse monga timachitira anthufe. Kuphazi kwake kumatuluka thukuta pang'ono, koma silimuthandiza kwenikweni. Njira yake yeniyeni yochotsera kutentha ndi kupuma mwawefuwefu. Mpweya ukamadutsa pa lilime ndi m'mphuno monyowa, chinyontho chimauma n'kupita ndi kutentha kwa magazi. N'chifukwa chake dzuwa likayamba kuswa mtengo eni agalu ambiri amaganiza za gombe, makamaka magombe amene malamulo amalola kumasula galu kuti azidziyendera popanda chingwe. Ganizoli ndi labwino ndithu, pakuti madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga kuposa mphepo iliyonse.

Koma gombe ndi malonso amene galu amatenthedwerako. Thupi la galu wathanzi limatentha madigiri 38 mpaka 39.2. Likapitirira madigiri 41, impso, chiwindi, matumbo ndi ubongo zimayamba kuwonongeka. Mpata wake ndi wa madigiri awiri okha, ndipo galu amene akuthamanga pamchenga atha kuudutsa m'mphindi zochepa. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2020 ndi ofufuza a ku Nottingham Trent University ndi Royal Veterinary College anapeza kuti mwa agalu a ku UK amene anadwala chifukwa cha kutentha, pafupifupi 74 pa 100 alionse anadwala atathamanga kapena kuyenda kwambiri, pamene otsekeredwa m'galimoto anali 5 pa 100 basi. Ndiye mfundo yake ndi iyi: galu amene waima m'madzi ofika pachifuwa akuzizira, koma amene akuthamangira mpira kosalekeza akutentha, ngakhale ubweya wake utanyowa.

Si galu aliyense woyenera ulendowu

Agalu a mphuno zaphwatalala, monga pug, bulldog, French bulldog ndi boxer, ali ndi njira yampweya yopapatiza, choncho wefuwefu wawo sachotsa kutentha mokwanira. Ambiri mwa iwo sathanso kusambira bwino chifukwa mutu ndi chifuwa n'zolemera, ndipo kuti mphuno ikhale pamwamba pa madzi amaweramutsa mutu mpaka thupi limaima chilili n'kuyamba kumira. Dachshund ndi basset hound ali ndi vuto lina: miyendo yaifupi pa thupi lalitali. Zoti galu aliyense amabadwa akudziwa kusambira si zoona. Agalu oterewa akhoza kupita kugombe, koma m'mawa kwambiri, m'madzi osazama, atavala jekete yoyandamitsa.

Galu wonenepa, wokalamba, wodwala mtima, kapena amene amapuma mokhala ngati akuliza mkonono ali maso, afunika kusamalidwa chimodzimodzi. Wogwa khunyu asalowe m'madzi akuya n'komwe. Kagalu kamene sikanamalize katemera kadikire kaye. Katemera womaliza wa tiagalu amaperekedwa tili ndi masabata pafupifupi 16, ndipo pamafunika sabata imodzi kapena awiri kuti agwire ntchito. Pamalo podzaza agalu osawadziwa, matenda a parvo, osanzitsa ndi otsegula m'mimba koopsa, sachedwa kugwira kagalu kosatetezedwa. Katemera wa chiwewe akhale wosatha nthawi, ndipo ngati mukupita kumadzi opanda mchere, funsani dokotala wa ziweto za katemera wa leptospirosis, matenda ofala kudzera m'mkodzo wa makoswe ndi nyama zina. Galu wamkazi amene ali pa nyengo yofuna amuna atsale kunyumba, chifukwa amabweretsa ndewu pagombe lonse.

Chinthu chachikulu kuposa zonsezi ndi chakuti galu azibwera mukamuitana. Sindikunena kubwera pakhomo pamene palibe chomusokoneza, koma kubwera akuona mbalame zikuuluka, agalu ena akusewera, fungo la nsomba yowola likumukoka. Ngati sanafike pamenepo, musachotse chingwe ngakhale chikwangwani chikulola. Gwiritsani ntchito chingwe chachitali cha mamita 5 mpaka 10, ndipo muchimange ku lamba wa pachifuwa, osati wa m'khosi. Galu wothamanga akafika kumapeto kwa chingwe chomangidwa m'khosi, khosi ndi limene limalandira mphamvu yonse ya liwiro lake.

Gombe lake ndi nthawi yake

Malamulo a magombe amasiyana, ndipo nthawi zambiri amasintha ndi nyengo. Pali magombe olola agalu omasuka chaka chonse, ena m'mawa ndi madzulo okha, ena gawo limodzi lokha la gombe, pakati pa zikwangwani ziwiri. Werengani chikwangwani pakhomo nthawi zonse, ngakhale gombe mukulidziwa. Kawirikawiri njira yochokera poimika magalimoto kukafika pamchenga imafuna galu akhale pachingwe, ndipo timapiri tamchenga tomera udzu kuseri kwa gombe n'toletsedwa, chifukwa mizu ya udzuwo ndi imene imagwira mchenga.

Gombe labwino kwa galu ndi lotsetsereka pang'onopang'ono, loti galu akhoza kuyenda mamita angapo madzi asanafike pachifuwa, la mafunde ang'onoang'ono, lotalikirana ndi msewu komanso ndi asodzi. Lopanda mthunzi mubweretse wanu.

Pitani m'mawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo litapendeka. M'mawa ndi bwino koposa, chifukwa mchenga umakhala utazizira usiku wonse, pamene madzulo umasungabe kutentha kwa masana. Mchenga wouma umatentha kwambiri kuposa mpweya, ndipo wakuda umaposa woyera. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani kuseri kwa dzanja lanu pamchenga masekondi 7. Mukalephera kupirira, phazi la galu lipsa. Zikatero yendani pa mchenga wonyowa m'mphepete mwa madzi, ndipo galu wamng'ono mumunyamule podutsa pouma. Kumbukiraninso kuti pobwerera mudzadutsa pomwepo dzuwa litakwera.

Anthu ambiri amayang'ana madigiri okha n'kuiwala chinyezi cha mumpweya. Wefuwefu amagwira ntchito pokhapokha chinyontho cha pa lilime chikuuma. Tsiku la chinyezi chambiri, lopanda kamphepo, galu amawefuka koma osazizira, ngakhale kunja kuli mitambo.

Kunyanja yamchere, onani ndandanda ya kudzaza ndi kuphwa kwa madzi musananyamuke. M'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo pakati pa kudzaza ndi kuphwa pamadutsa maola 6 ndi mphindi zingapo. Tsiku lililonse nthawiyi imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50, choncho zimene munaona sabata yatha sizikuthandizani lero. Nthawi yabwino ndi pamene madzi akuphwa, chifukwa mchenga wonyowa ndi wolimba umakhala wambiri. Madzi akamadzaza amatha kuzungulira kuseri kwa chulu cha mchenga kapena mwala, n'kukutsekerani njira inu ndi galu muli chiyang'anire kutsogolo.

Zonyamula

Madzi akumwa ndiwo oyamba. Galu amafuna mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku wamba, ndipo kukatentha amafuna ochuluka kuposa pamenepo. Kwa galu wa makilogalamu 20, tengani malita 2 akumwa pa ulendo wa ola limodzi kapena awiri, ndi chigubu china cha madzi omutsukira. Musaiwale mbale, chifukwa kumwetsa galu ndi botolo kumataya madzi ambiri. Pakhalenso ambulera yaikulu kapena katenti ka mthunzi, mathawulo awiri, mapepala apulasitiki otolera chimbudzi, tizakudya tomupatsa akabwera mwamuitana, ndi nambala ya dokotala wa ziweto wapafupi ndi gombelo yosungidwa kale mufoni. Pa lamba wa galu pakhale kachitsulo kolembapo nambala yanu ya foni.

Jekete yoyandamitsa ikhale ndi chogwirira pamsana, kuti muthe kumutukula, ndiponso chochirikiza pansi pa chibwano. Yokwana bwino imalola zala ziwiri kulowa pansi pa malamba, osapitirira.

Agalu a ubweya woyera kapena wochepa amapsa ndi dzuwa pamphuno, kunsonga kwa makutu ndi pamimba. Apakeni mafuta oteteza ku dzuwa opangidwira agalu. A anthu ambiri ali ndi zinc oxide, imene imadwalitsa galu akanyambita yambiri. Ndipo musamete galu wa ubweya wosanjikizana, monga husky kapena German shepherd, poganiza kuti mukumuchepetsera kutentha. Mupeseni kuti ubweya wakufa wa pansi uchoke, mpweya uzilowa. Kumeta mpala kumangosiya khungu pa dzuwa.

Musamupatse chakudya chambiri ulendo utayandikira. Siyani ola limodzi kapena awiri pakati pa kudya ndi kusewera, makamaka kwa agalu aakulu a chifuwa chakuya, amene mimba yawo imatha kutupa n'kupotokola. M'galimoto musamusiye ngakhale pang'ono. Bungwe loteteza nyama la ku UK la RSPCA limachenjeza kuti kunja kukatentha madigiri 22, m'galimoto mutha kufika madigiri 47 pasanathe ola.

Mukafika

Musamumasule pakhomo penipeni. Pamenepo ndi pamene agalu amaunjikana, onse ali ndi mphamvu, ndipo ndewu zambiri zimayambira pomwepo. Yendani naye pachingwe mphindi 5, adzithandize, anunkhize, mtima ukhale pansi. Mumwetseni madzi asanayandikire nyanja. Galu amene alibe ludzu samwa madzi ambiri amchere.

Galu woyamba kumene kuona nyanja musamuponye m'madzi kapena kumukoka. Lowani inu mpaka m'mawondo, muzimuitana, abwere yekha. Akayamba kusambira, ikani dzanja pansi pa mimba yake kuti chiuno chikwere. Agalu ophunzira amapalasa ndi miyendo yakutsogolo yokha, yakumbuyo ili lende, ndipo amatopa msanga. Tsiku loyamba mphindi 5 mpaka 10 zakwana. Kusambira n'kotopetsa kwambiri kuposa kuyenda, ndipo kutopa kumaonekera pa chiuno ndi mchira: zikayamba kutsika m'madzi, mutulutseni.

Kuti azizire sipafunika kusambira n'komwe. Kuima kapena kugona m'madzi osazama, mimba, mphechepeche ndi m'khwapa zitamira, n'kokwanira, chifukwa m'malo amenewa ubweya ndi wochepa ndipo magazi amadutsa pafupi ndi khungu. Pa galu wa ubweya wambiri, lowetsani madzi ndi zala kuti afike pakhungu, osangonyowetsa pamwamba.

Gawani nthawi motere: mphindi 10 mpaka 15 akusewera, kenako mphindi zofanana ali pamthunzi akumwa madzi. Ndinu amene muyenera kuimitsa masewerawo. Galu wokonda mpira sadziletsa yekha, amathamanga mpaka kugwa. Kunena mosabisa, kamtengo kapulasitiki koponyera mpira patali ndi chinthu chimene ndingakonde kuti chizitsala kunyumba tsiku lotentha. Kamachititsa galu kuthamanga mtunda wautali mobwerezabwereza pamene mwini wake satopa n'komwe, choncho sazindikira kuti galu wafika pati. Mpira uli m'kamwa umatsekanso njira ya mpweya umene galu akufuna kuti azizire.

Mchere ndi mchenga

Apa m'pofunika masamu pang'ono. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere. Galu amayamba kuonetsa zizindikiro za poizoni wa mchere akamwa magalamu 2 mpaka 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo magalamu 4 pa kilogalamu akhoza kupha. Ndiye kuti galu wa makilogalamu 10 safuna n'komwe lita yathunthu kuti adwale, ndipo kagalu ka makilogalamu 5 kakhoza kudwala ndi madzi osafika theka la lita. Sikuti amachita kumwa dala. Nthawi iliyonse akatsegula kamwa kuti agwire mpira woyandama kapena kuluma funde, amameza pang'ono, ndipo pang'ono pang'onoyo amachuluka.

Akamwa ochepa, mchere umakokera madzi m'matumbo, n'kuyamba kutsegula m'mimba mwadzidzidzi, nthawi zina muli pagombe pomwepo kapena m'galimoto. Izi zimatha zokha ngati galu akumwa madzi abwino ndipo ali wochangamuka. Akamwa ambiri, mchere umachuluka m'magazi n'kuyamba kuyamwa madzi m'maselo a ubongo. Galu amasanza mobwerezabwereza, amadzandira, amanjenjemera, amaoneka wosokonezeka, mwinanso kuphupha. Pamenepo musamulole kugugudiza beseni lonse la madzi. Mchere wa m'magazi ukatsika mofulumira, ubongo umatupa. Mupatseni madzi pang'ono pang'ono, n'kuthamangira naye kwa dokotala, amene amautsitsa mwapang'onopang'ono ndi diripu kwa tsiku limodzi kapena kuposerapo.

Kupewa kwake n'kumumwetsa madzi abwino mphindi 15 zilizonse, ndi kusankha choseweretsa chaphwatalala chimene galu amachigwira kamwa litatsekeka pang'ono, m'malo mwa mpira waukulu womuyasamulitsa.

Mpira wa tenisi uli ndi vuto linanso. Ubweya wake ukanyowa umatola mchenga, galu n'kumameza nthawi iliyonse akaugwira. Amene amakumba ndi kamwa kapena kudya chakudya chogwera pansi amamezanso. Mchenga ukachuluka umaumbika m'matumbo n'kutseka njira. Zizindikiro sizibwera pomwepo, zimadza patapita maola angapo kapena mawa lake: kusanza, kukana chakudya, kudzikakamiza pochita chimbudzi koma osatulutsa kanthu, mimba yolimba ndi yowawa mukaigwira. Izi n'zofuna dokotala tsiku lomwelo. Zoseweretsa za labala zosalala sizitola mchenga wambiri, ndipo n'zosavuta kutsuka.

Mzere wa zinyalala zimene mafunde amalavula ndi malo okoka mphuno ya galu kuposa ena onse, komanso oopsa kuposa ena onse. Mumakhala nsomba zakufa, zina za poizoni monga nsomba zodzitukumula, udzu wa m'nyanja wouma umene umafufuma m'mimba, magalasi osweka, zigoba zakuthwa ndi jellyfish, nyama za m'nyanja zofewa ndi zoterera, zimene zimaluma ngakhale zitafa. Galu akalumidwa ndi jellyfish, tsukani pamalopo ndi madzi a m'nyanja momwemo, osati opanda mchere, chifukwa amenewo amachititsa timbola totsala pakhungu kutulutsa ululu wina. Musapake ndi dzanja. Nkhope ikatupa kapena kupuma kukavuta, pitani kwa dokotala.

Mbedza ya nyambo ndi ngozi ina yofala. Mukaona ulusi wa mbedza ukulendewera kukamwa kwa galu, musaukoke, chifukwa mbedzayo ing'amba kummero kapena m'mimba. Musaudulenso pafupi ndi kamwa, poti galu ameza wotsalawo ndipo dokotala asowa pogwira. Mangirirani ulusiwo ku lamba wa m'khosi mosakoka, n'kunyamuka.

Madzi opanda mchere ali ndi zawo

Kunyanja yopanda mchere, kudamu kapena kumtsinje, vuto limatembenuka. Galu womeza madzi ambiri posewera amasungunula mchere wa m'magazi mwake mpaka kutsika kwambiri. Amatupa mimba, amasanza madzi, amachucha dovu, maso amachita ngati sakuona, amadzandira. Zimachitika msanga ndipo zimapha, makamaka agalu ang'onoang'ono ndi owonda okonda kuluma madzi. Kupumula pafupipafupi kuja n'kumene kumateteza.

Choopsa koposa ndi ndere zobiriwira mosakanikira ndi mtundu wa buluu, zimene kwenikweni ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Zimachuluka m'madzi odekha, ofunda, m'nyengo yotentha, ndendende nthawi imene mukufuna kusambitsa galu. Madzi amaoneka obiriwira mothimbirira, a thovu kapena a utoto woyandama umene mphepo imaukankhira m'mphepete. Mitundu ina imatulutsa poizoni wowononga chiwindi, ina wogwira mitsempha, amene akhoza kupha galu pasanathe ola. Mankhwala othetsa poizoniyu palibe, ndipo ndi maso simungasiyanitse ndere zoopsa ndi zosaopsa. Madzi akaoneka choncho, galu asalowe, asamwe. Ngati walowa kale, mutsukeni ndi madzi abwino asanayambe kudzinyambita, ndipo imbirani dokotala musanadikire zizindikiro. M'madera okhala ng'ona, galu wosambira amazikopa, ndiye tsatirani machenjezo a pamalopo mosanyengerera.

Galu akatengedwa ndi madzi

Pagombe la mafunde pamakhala mikwasa imene madzi amabwerera m'nyanja mwamphamvu. Imanyenga chifukwa imaoneka yodekha: mpata wopanda mafunde osweka pakati pa mafunde, madzi akuderapo, thovu likuyenda molunjika kunyanja. Musaponye choseweretsa pamalo otero. Galu akatengedwa, musalowe kukamutenga. Anthu ambiri amira populumutsa agalu amene pambuyo pake anatuluka okha. Thamangirani chammbali m'mphepete mwa gombe mukumuitana mokweza, kuti asambire mopingasa n'kuchoka mumkwasamo, m'malo molimbana ndi madzi molunjika. Uzani opulumutsa anthu ngati alipo. Galu amene anamira pang'ono kapena kutsamwa ndi madzi aonedwe ndi dokotala ngakhale akuoneka bwino, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto la kupuma patapita maola.

Gombe si la galu wanu yekha

Kuloledwa kumasula galu sikuchotsa udindo wanu. Maso akhale pa galu, osati pafoni, ndipo chingwe chikhale m'manja. Masewera abwino a agalu amaoneka ndi matupi ofewa, kusinthana wothamangitsa ndi wothamangitsidwa, ndi kupumira pakati. Mukaona thupi louma gwa, mchira uli njo, kuyang'anitsitsana, kapena agalu angapo akuthamangitsa mmodzi amene wapinda mchira, itanani wanu nthawi yomweyo. Galu amene ali pachingwe pagombe lomasuka ali nacho chifukwa chake, wanu asamuyandikire. Chimodzimodzi ana, okalamba ndi anthu amene akudya.

Mbalame zina za m'mphepete mwa nyanja zimaikira mazira pamchenga penipeni, ndipo akamba a m'nyanja amakwirira awo momwemo. Galu safunika kugwira mbalame kuti awononge. Akangoithamangitsa pachisa, mazira amatsala pa dzuwa. Malo otchingidwa ndi zingwe alemekezeni.

Chimbudzi cha galu tolani n'kukataya m'bini. Kukwirira mumchenga sikuthandiza. Mazira a njoka zam'mimba za agalu amaswa mumchenga wofunda ndi wonyowa, ndipo tiana take timaboola khungu la anthu oyenda opanda nsapato, n'kusiya timizere toyabwa kwambiri. 

Kutentha kukapyola muyezo

Chizindikiro choyamba ndi wefuwefu amene sakuchepa ngakhale galu wapuma mphindi zingapo pamthunzi. Lilime limatuluka lonse, lotambasuka ndi lopindika kunsonga, dovu limakhala lonanda, nkhama zimafiira kwambiri. Galu amachedwa kubweretsa mpira, amafunafuna mthunzi, amagona pansi pakati pa masewera. Amenewo ndi malire, lekezani pomwepo. Zikapitirira amadzandira, amasanza, amatsegula m'mimba mwina mwa magazi, nkhama zimatuwa kapena kuda, kenako amagwa.

Lamulo lake ndi lakuti yambani mwaziziritsa, kenako nyamukani. Kuthamangira kugalimoto ndi galu wotentha kumataya mphindi zimene ziwalo zake zikupsa. Muchotseni pa dzuwa. Ngati ndi wamng'ono msinkhu, wathanzi ndipo akuzindikira, mulowetseni m'madzi osazama mpaka m'khosi, inu mutagwira mutu wake pamwamba. Madzi a m'nyanja omwewo ndi abwino pa ntchitoyi. Ngati ndi wokalamba, wodwaladwala kapena wakomoka, mugonekeni pamthunzi, muzimuthira madzi ozizira thupi lonse mosalekeza kupatula kumphuno ndi kukamwa, wina akumukupiza. Kale anthu ankalangizidwa kugwiritsa ntchito madzi ofunda pang'ono poopa kudzidzimutsa thupi, koma malangizo a madokotala a ziweto masiku ano ndi akuti madzi ozizira ndiwo amapulumutsa, ndipo alionse ozizira kuposa galuyo ndi abwino kuposa kudikira.

Musamufunditse thawulo lonyowa. Limatentha msanga n'kusunga nthunzi ngati chivundikiro pamphika. Ngati mukufuna kuligwiritsa ntchito, liyaleni pansi galu agonepo. Musamuthire madzi m'kamwa mokakamiza, amwe yekha pang'ono ngati angathe. Amene ali ndi choyezera kutentha asiye kuziziritsa chikafika pa madigiri 39.5, chifukwa thupi limapitirizabe kutsika lokha. Kenako pitani kwa dokotala mawindo ali otsegula kapena makina oziziritsa ali oyatsa, mutaimbiratu foni. Pitani ngakhale galu wadzuka n'kuyamba kugwedeza mchira, popeza kuwonongeka kwa impso ndi vuto la kuundana kwa magazi zimaonekera patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Pobwerera

Mutsukeni ndi madzi opanda mchere, thupi lonse, mpaka pakhungu. Mchere ukaumira mu ubweya umayabwa, ndipo galu akamadzinyambita amaumezanso. Sopo safunika ulendo uliwonse. Tsegulani pakati pa zala za mapazi, mmene mchenga umabisala n'kunyula khungu, ndipo onani ngati pali pochekeka kapena posupuka. Maso ofiira atsukeni ndi madzi a saline, a mchere pang'ono opangidwira kutsukira maso ndi mabala. Vulani lamba wa m'khosi ndi wa pachifuwa kufikira zonse zitauma, chifukwa pansi pa lamba wonyowa ndi pamene pamabuka zilonda zonyowa zimene zimakula usiku umodzi wokha.

Makutu afuna chidwi chapadera, makamaka a agalu a makutu ogwa monga spaniel ndi Labrador. Chinyontho chotsala mkati chimaweta mabakiteriya ndi yisiti. Pukutani mbali yooneka ndi thonje kapena kansalu kofewa, osalowetsa timitengo ta thonje, tomwe timangokankhira litsiro mkati. Kwa galu wosambira kawirikawiri, dokotala akhoza kukupatsani mankhwala otsukira makutu oumitsa. Kupukusa mutu, kukanda khutu ndi fungo ndi zizindikiro kuti matenda ayamba.

Mawa lake agalu ena amadzuka mchira uli lende kuyambira patsinde, wowawa mukaugwira. Ndi minofu ya mchira imene yatopa ndi kupalasa m'madzi ozizira, ndipo imachira m'masiku ochepa galu akapuma. Musamupatse mankhwala a ululu a anthu monga ibuprofen kapena paracetamol mwa nokha, funsani dokotala.

Ngati mumagwiritsa ntchito mankhwala a nthata ndi nkhupakupa odontheza pakhosi, werengani pepala lake musanakonze ulendo. Ambiri amanena kuti galu asasambire kwa maola osachepera 48 atadonthezedwa. Akalowa m'madzi msanga, mankhwala amasukuluka, galu n'kutsala wosatetezedwa, ndipo zinthu za m'mankhwalawa monga fipronil ndi imidacloprid zimapha tizilombo ta m'madzi timene nsomba ndi mbalame zimadya. Galu wosambira sabata iliyonse angayenerane ndi mankhwala akumwa, ndipo malamba a m'khosi a mankhwala avulidwe galu asanalowe m'madzi.